Mmene mungathamangitsire alendo pa webusaiti yanu

Webusaiti imafa pang'onopang'ono. Poyamba imangokhala zii, mwini wake n'kumasuzumira m'mawa uliwonse kuona ngati pafika munthu. Kenako amasiya kusuzumirako, mapeto ake amaiwala ndi pasiwedi yomwe. Kwa zaka zingapo ndakhala ndikuthandiza anthu a mabizinesi ang'onoang'ono pa nkhani ya mawebusaiti: wina wa malo ogona alendo kunyanja, wina wogulitsa mpunga wa Kilombero, wina wosoka zovala za maukwati. Ambiri a iwo anataya ndalama zimene anazipeza ndi thukuta, ndipo zimandiwawa mumtima chifukwa katundu wawo anali wabwino. Njira zimene anadutsamo pophera mawebusaiti awo n'zofanana kwambiri moti zikhoza kulembedwa ngati malangizo. Amene akufuna kuti pa webusaiti yake pasapondenso phazi la munthu atsate zili m'munsimu. Zonse ndaziona zikugwira ntchito.

Choyamba, m'dziweni munthu amene mukulimbana naye. Ndi kasitomala mmodzi amene wakhutira ndi katundu wanu, ndipo watsala pang'ono kutenga linki yanu n'kuitumiza kwa mlamu wake ndi mawu akuti, "Awa ndi amene anatisokera zija, tawafunsani." Mlendo wogula amafika pa webusaiti mwa njira imeneyi, atachita kugwiridwa dzanja ndi munthu amene amamukhulupirira. Wotumizayo amakhala waika dzina lake pachiswe. Zikakayenda bwino amuthokoza, zikakavuta mlandu ugwera iye. Ntchito yanu yonse ndi yoti munthu ameneyu achite manyazi kapena atope asanadine potumizira.

Yambani ndi kulemera kwa tsamba. Muuzeni wokonza webusaiti aike kanema patsogolo penipeni, woyamba kusewera yekha, ndi zithunzi 20 zochokera m'kamera osazichepetsa, chilichonse cha mamegabayiti asanu kapena kuposa. Poyesa ngati zikuyenda, yeserani pa laputopu ya mu ofesi pa Wi-Fi. Musayerekeze kutsegula pa foni ya Itel kapena Tecno pamalo pamene netiweki ikuonetsa timizere tiwiri. Mu 2016 Google inapeza kuti pa maulendo 100 aliwonse otsegula tsamba pa foni, 53 amathera panjira ngati tsambalo latenga masekondi oposa atatu kuti lioneke. Kwathu kuno pali chinanso chokuthandizani. Anthu ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha kapena ya Facebook yokha, imene Airtel ndi TNM amagulitsa motsika mtengo poyerekeza ndi ya intaneti yonse. Munthu wotero uthenga wanu amaulandira bwinobwino, koma linki yotulukira kunja siitseguka pokhapokha agule bandulo ina, apo ayi mayunitsi ake adyedwe.

Ndinaziona ndi maso anga pakhonde pa mayi anga aang'ono ku Dedza. Mnzawo wa kumvano anawatumizira linki ya munthu wina wogulitsa mbewu za ndiwo zamasamba, ndipo iwo ankafunadi mbewu ya anyezi ya kudimba. "Taona mwanawe," anatero akundilozera foni, "akuti mitengo yake ili m'menemu." Anadina. Kamzere ka pamwamba kanayenda pang'ono n'kuima, sikirini ili mbee. Anadikira, uku akupukuta galasi la foni ndi nsonga ya chitenje. Anadinanso kachiwiri. Patapita kanthawi kunabwera uthenga wonena kuti mayunitsi atha. Anaika foni pamphasa mwakachetechete. "Imeneyotu inali ya kuchigayo," anatero. Madzulo ake anakumana ndi mnzawo uja pa mjigo n'kumuuza kuti asadzawatumizirenso zinthu zodya ndalama. Wogulitsa mbewuyo sadzadziwa kuti tsiku limenelo anataya makasitomala awiri, pamodzi ndi amayi onse a mvano amene akanamva za iye Lachinayi lotsatira.

Kuti zikuyendereni chimodzimodzi, musamaike kalikonse mu uthenga weniweniwo. Tumizani linki yokhayokha, yaitali ngati njanji, yodzaza manambala ndi zizindikiro, popanda liwu lonena kuti mukugulitsa chiyani, pa mtengo wanji, ndipo mukupezeka kuti. WhatsApp ndi Facebook zimatha kuonetsa kachithunzi, mutu ndi mawu ochepa pamodzi ndi linki. Zimatenga zimenezi pa timizere tobisika ta m'kati mwa tsamba lanu totchedwa Open Graph, timene Facebook inayambitsa mu 2010, ndipo wodziwa ntchito amatilemba m'mphindi zowerengeka. Muuzeni asavutike nato. Linki yopanda nkhope imafanana ndendende ndi zija za akathyali zonena kuti mwawina mphoto kapena kuti kampani ina ikugawa bandulo yaulere. Anthu anaphunzira kale, ena ataberedwa ndalama za mufoni, kuti zoterozo sadina, ndipo munthu wodzilemekeza sangatumize chinthu chotero kwa apongozi ake.

Amene wapirira mpaka tsamba latseguka, m'bisireni mtengo. Lembani kuti "mtengo ku inbox" monga amachitira ambiri pa masamba a mchezo. Munthu sangauze mnzake za chinthu chimene sakudziwa mtengo wake, poti funso loyamba la mnzakeyo limakhala lakuti, "Ndi zingati?" Komanso mtengo wobisika umapatsa anthu maganizo akuti mumayamba mwayang'ana nsapato za wogula musanatchule ndalama. Nambala ya foni muiike m'kati mwa chithunzi kuti munthu asathe kuidina kapena kuikopera, ndipo isayambe ndi +265, kuti mwana wa kwathu amene ali ku Johannesburg kapena ku Leeds, wofuna kugulira mayi ake thumba la mpunga wa Khirisimasi, aimbe kawiri n'kugwa ulesi. Za kalipiridwe, kaya ndi Airtel Money, Mpamba kapena kubanki, musatchule. Zonse zilembedwe m'Chingerezi cha m'maofesi, ngakhale kuti makasitomala anu onse amakuimbirani m'Chichewa.

Tifike ku magulupu a WhatsApp, kumene dzina la munthu limaonongeka msanga kuposa kwina kulikonse. Ponyani linki yanu m'gulupu iliyonse imene mulimo, m'mawa, masana ndi usiku: ya mpingo, ya makolo a kusukulu, ya banki m'khonde, ya anzanu amene munaphunzira nawo kusekondale. Musayang'ane zimene anthu akukambirana. Chaka china ndinali m'gulupu imene inatsegulidwa pofuna kusonkha chipepeso. Anthu ankalemba ndalama zimene atumiza, ena ankafunsa za galimoto yonyamula thupi kuchoka ku Blantyre kupita kumudzi, mlongo wa malemu anali atangolemba kumene nthawi ya mwambo. Pakati pa zonsezo panagwa linki ya nsapato zotsika mtengo, ndi tizithunzi ta moto ndi ta m'manja. Panadutsa mphindi zingapo popanda woyankha. Kenako bambo wina wachikulire analemba kuti, "Achimwene, panotu tili pa zovuta." Adimini anachotsa mnyamata amene anaponya linkiyo. Mnyamatayo ndimamudziwa, ndi wolimbikira ndipo nsapato zake n'zabwino, koma mpaka lero akatchulidwa dzina pakati pa anthu a m'gulupu ija chimene chimakumbukika ndi tsiku limenelo. Mukatopa ndi magulupu a eni, tsegulani yanu n'kulowetsamo aliyense amene nambala yake muli nayo, osawapempha. WhatsApp yeniyeniyo inaona kale kuti anthu atopa ndi mauthenga omwazidwa chisawawa. Mu 2019 inalamula kuti uthenga uzitumizidwa kwa anthu kapena magulupu asanu okha nthawi imodzi, ndipo mu 2020 inati uthenga umene wayendayenda kale kwambiri uzipita kumodzi kokha.

Koma njira yaikulu, imene inagwetsa ngakhale makampani a ndalama zawo, ndi yodalira khomo limodzi, khomolo lili la mwini wake. Ku New York kunali kampani yotchedwa LittleThings, imene inkalemba nkhani zosangalatsa mtima, za ana, za ziweto, za kaphikidwe, makamaka zowerenga amayi. Inali ndi owerenga mamiliyoni ambiri, ndipo ochuluka mwa iwo ankafika kudzera pa Facebook. Pa 11 Januwale 2018, Mark Zuckerberg analengeza kuti Facebook iyamba kuonetsa kwambiri zimene achibale ndi abwenzi a munthu alemba, n'kuchepetsa za makampani ndi za nyumba zofalitsa nkhani. M'masabata ochepa chabe, LittleThings inataya pafupifupi magawo atatu mwa anayi a anthu amene nkhani zake zinkawafikira popanda kulipira. Amene ankakambirana zogula kampaniyo anabwerera m'mbuyo. Pofika kumapeto kwa Febuluwale chaka chomwecho inatseka, ndipo anthu pafupifupi 100 ntchito inawathera.

Nkhaniyi ndimaiganizira kawirikawiri, chifukwa anthu amenewo sanali aulesi ndipo sanabe kanthu. Chimene chinawagwetsa n'chakuti owerenga aja sanali awo. Sankadzuka m'mawa n'kunena kuti tiyeni tikaone zimene a LittleThings alemba lero. Ankangodutsa pa Facebook n'kupunthwa pa nkhaniyo, kuwerenga, kumwetulira, n'kupitirira, ambiri osasunga ndi dzina lomwe la amene walemba. Mwini msewu atapatutsa msewuwo, panalibe wobwera kudzafunsa kuti sitolo ija yapita kuti. Akuluakulu anati nyumba ya mwini saotchera mbewa. Taonaninso chimene Facebook inakweza pamwamba tsiku limenelo: zimene mlongo wako, mnzako wa kuntchito kapena msuweni wako watumiza. Ngakhale makina a Facebook anatsamira kwa munthu mmodzi uja wotumizira mlamu wake linki.

Choncho ngati mukufuna kutsata mapazi a LittleThings, musasunge manambala kapena maimelo a makasitomala amene akulolani kuti muziwauza za katundu watsopano. Adiresi ya webusaiti musaisindikize pa jumbo, pa lisiti, pa chitseko cha galimoto kapena pa chikwangwani cha pamsewu. Ndipo adiresiyo ikhale yovuta kutchula: mawu anayi a Chingerezi, timizere tolumikiza pakati, nambala kumapeto. Dzina limene munthu sangalimve mu minibasi pa Area 25 n'kulikumbukirabe potsika m'tauni silingayende pakamwa. Mukatero, tsiku limene khomo lija lidzatsekedwe mudzakhala mulibe kolowera. Ndipo limatsekedwadi. Pa 4 Okutobala 2021 Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima dziko lonse kwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi, kwathu kuno kuyambira chakumadzulo mpaka usiku. Ku Zambia, pa tsiku la chisankho la 12 Ogasiti 2021, anthu anavutika kulowa pa WhatsApp ndi Facebook. Ku Canada, kuyambira Ogasiti 2023, kampani ya Meta inatsekereza malinki a nyumba zofalitsa nkhani pa Facebook ndi Instagram chifukwa chosagwirizana ndi lamulo latsopano la dzikolo.

Mitu ya nkhani izikhala yolonjeza njovu, m'kati muli mbewa. "Simukhulupirira zimene zachitika ku Mangochi!" Munthu akatsegula apeze kuti mwatsitsa mtengo wa chipinda ndi K2,000. Adzadina kamodzi, mwina kawiri, kachitatu ayi. Webusaiti ya ku America ya Upworthy inatchuka ndi mitu yokoka anthu chonchi, ndipo mu Novembala 2013 inalandira alendo oposa 80 miliyoni. Patangotha miyezi yochepa, Facebook itasintha kasankhidwe ka nkhani, chiwerengerocho chinatsika pafupifupi ndi theka. Onjezerani ndi mawu opemphetsa aja akuti "pangani share ngati mumakonda mayi anu", amene Facebook inalengeza mu Disembala 2017 kuti iziwakankhira pansi. Ndalama zikakhalapo gulani ma follower 10,000 kwa anyamata ogulitsa zoterezi. Ndi maakaunti opanda anthu, sagula, salankhula, sauza mnzawo. Kasitomala wanzeru akaona tsamba la otsatira zikwizikwi koma ma like atatu pa chithunzi chilichonse amadziwiratu kuti pali chinyengo, n'kuyamba kukayikira ndi sikelo yanu yomwe.

Pali cholakwa china chobisika chimene ophunzira amachichita bwino kuposa osaphunzira. Tsegulani Google Analytics, muone mzere wolembedwa kuti Direct, n'kukhulupirira kuti anthu onsewo anachita kulemba okha adiresi yanu. Zoona zake n'zakuti munthu akadina linki imene wailandira pa WhatsApp, pa SMS kapena pa imelo, nthawi zambiri webusaiti siuzidwa kumene wachokera, ndiye makinawo amangomuponya mu mzere umenewo. Mu 2012 mtolankhani Alexis Madrigal wa magazini ya The Atlantic anafufuza zimenezi pa webusaiti ya magaziniyo, n'kupeza kuti mwa alendo obwera chifukwa chotumiziridwa ndi anthu ena, oposa theka ankadutsa njira zosaonekazi. Anazitcha dark social. M'dziko limene nkhani zambiri zimayenda pa WhatsApp, mzere umenewo ndi mapazi a anthu okukondani amene akukutsatsirani malonda mwaulere. Inu muwanyalanyaze. Ndalama zonse zipite ku boost ya pa Facebook poti kumeneko manambala amaoneka. Ndipo kasitomala watsopano akaimba, musamufunse funso lija losalira ndalama, lakuti, "Kodi za ife munamva kwa ndani?" Mukafunsa mudziwa dzina la mayi amene wakubweretserani anthu asanu chaka chino, ndipo mtima ukukakamizani kukawathokoza.

Kuthokozako mukupewe ndithu, chifukwa kunakweza ena kutali. Hotmail, imene Sabeer Bhatia ndi Jack Smith anayambitsa mu Julaye 1996, inkaika kamzere kamodzi pansi pa kalata iliyonse yotumizidwa, koitana wolandirayo kuti naye atsegule imelo yaulere. Aliyense wolembera mnzake ankanyamula uthengawo popanda kuvutika. Pofika Disembala 1997, pamene Microsoft inkaigula pa mtengo wa madola pafupifupi 400 miliyoni, inali ndi anthu oposa 8 miliyoni. Dropbox inayamba yayesa kutsatsa pa Google, ndipo mwini wake Drew Houston anafotokoza kuti ankawononga madola oposa 200 kuti apeze kasitomala mmodzi wa chinthu cha madola 99. Atasintha n'kuyamba kupereka malo owonjezera osungira zinthu kwa woitana ndi woitanidwa yemwe, anthu anachoka pa 100,000 kufika pa 4 miliyoni m'miyezi 15. Msika wa kwathu unadziwa kale nzeru imeneyi. Mayi wogulitsa tomato amaika basera kwa kasitomala amene wabwera ndi mnzake. Inu basera musaike, ngakhale mawu oti zikomo. Amene wakubweretserani munthu mum'lipiritse mtengo wokwera kuposa wa mlendoyo, ndipo adzamve yekha kwa mlendoyo.

Tsiku lina munthu adzadandaula pagulu. Adzalemba pa tsamba lanu kuti diresi linafika mochedwa, kapena kuti mu mpunga munali miyala. Fufutani msanga zimene walembazo, ndipo ngati mtima wakwera muyankheni kaye kuti ngati alibe ndalama akagule kwina. Iyeyo adzakhala atajambula kale sikirini. Chithunzicho chidzalowa pa status yake, imene imakhala maola 24, koma amene adzachione adzachijambulanso n'kuchiponya m'magulupu awo, ndipo kumeneko sichifufutika. Apa mpamene mudzaone liwiro lenileni la pakamwa. Linki yanu imene inkakanika kuchoka pa anthu khumi idzafika ku Mzuzu, ku Chipata ndi ku Cape Town dzuwa lisanalowe, ndipo anthu adzabwera pa webusaiti yanu ambiri kuposa kale lonse, kudzaona nkhope ya munthu wamwanoyo. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukupeza. Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti wodandaula pagulu kawirikawiri amakhala akufunabe kugula kwa inu. Amene wakutayani salemba kanthu, amangochoka. Mawu awiri opepesa ndi thumba lina la mpunga wopeta bwino zikanamusandutsa mboni yanu kwa zaka.

Chotsala ndi chosavuta, ndipo chimachitika chokha. Adiresi ya webusaiti ndi ya lendi, imalipiridwa chaka ndi chaka. Lolani kuti ilembetsedwe m'dzina la mnyamata amene anakukonzerani, ndi imelo yake, kuti makalata okumbutsa za malipiro azipita kwa iye. Iyeyo adzasintha nambala, kapena adzapita ku Joni. Tsiku lidzakwana, adiresi idzagwa, ndipo patapita masabata angapo aliyense padziko lapansi adzakhala ndi ufulu woigula. Koma malinki anu akale safa nayo limodzi. Amakhalabe m'mafoni a anthu, m'mauthenga a chaka chatha, m'gulupu ya komiti ya ukwati.

Mwezi wa Seputembala chaka china, mayi wina amene telala wina, kasitomala wanga, anam'sokera bwino zovala za pa chinkhoswe cha mwana wake anafunsidwa ndi mchemwali wa amuna ake kuti zovala zija anasoketsa kuti. Anafufuza m'foni mpaka anaipeza linki ija, n'kuitumiza ndi mtima wonse. Mlamu wakeyo atadina anapeza tsamba la chinenero chachilendo, lodzaza zotsatsa za juga ndi zithunzi zosayenera kuonedwa ndi ana, mdzukulu wake ali chiimire pambali pake kusuzumira. Anaimba foni nthawi yomweyo.

"Alamu, kodi zimene mwanditumizirazi n'chiyani?"

Mayiyo anapepesa kangapo konse, osadziwa kuti walakwa chiyani. Atadula foni anapita pa uthenga uja n'kuufufuta, kenako anafufutanso nambala ya telala.